RAV4, Outlander kapena Tucson: iti ikubwezereni ndalama?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Iye ndi amuna awo akufuna galimoto yaikulu ya banja, ya mtundu wa SUV, yoyendera petulo komanso magetsi otchaja pa soketi, ija amati plug-in hybrid. Ali ndi ana atatu. Tsiku lililonse amayenda makilomita 50 kupita kuntchito ndi kubwerako, ndipo kawiri pamwezi amakaona makolo, ulendo wa makilomita 400 kupita ndi kubwera. Maso awo ali pa Toyota RAV4, Mitsubishi Outlander ndi Hyundai Tucson, ndipo funso lawo ndi lakuti: pa zitatuzi, ndi iti imene siwadyera ndalama pachabe?

Mayi, zikomo pondilembera. Ndisanatchule galimoto iliyonse, ndikufunseni chinthu chimodzi chimene simunachitchule: pamene galimotoyi izigona usiku, pali soketi? Nkhani yonse yagona pamenepo. Galimoto za mtunduwu zimakhala ndi injini ya petulo komanso batire lalikulu lolemera kwambiri. Mukamatchaja tsiku ndi tsiku, mumapita kuntchito injini ili chete. Mukapanda kutchaja, mumangosenza batirelo ngati katundu, petulo n'kumapita kuposa mmene akanathera mu hybrid wamba yotchipa, ija ya batire laling'ono losatchaja pa soketi. Mu 2024 European Commission, nthambi ya mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, inatulutsa lipoti lochokera pa zimene galimoto zenizeni zinkadya pamsewu, ndipo linasonyeza kuti ma plug-in hybrid ankatulutsa utsi wochuluka pafupifupi katatu ndi theka kuposa zolembedwa m'mabuku a ogulitsa. Chifukwa chachikulu n'chakuti eni ake ambiri sankatchaja mokwanira. Ndiye ngati soketi palibe, gulani hybrid wamba ndipo musadandaule.

Tiyerekeze kuti soketi ilipo.

Wogulitsa adzakuonetsani nambala yokongola, mwina lita imodzi kapena awiri pa makilomita 100. Imeneyo isakutengeni mtima, chifukwa amaiyesa batire litadzaza, pa ulendo waufupi. Nambala zofunika kwa inu ndi ziwiri: mtunda umene galimoto iyenda pa magetsi okha, ndi petulo amene imamwa batire likatha. Ine ndimadalira miyeso ya bungwe la EPA la ku America, chifukwa imayandikira zimene munthu amaona pamsewu kusiyana ndi ya WLTP ya ku Ulaya, imene imakonda kukokomeza.

RAV4 yotchaja imene inatuluka mu 2020 ili ndi batire la 18.1 kWh (kWh imodzi ndi yuniti imodzi ya magetsi), ndipo EPA inaipatsa makilomita 68 pa magetsi okha. Batire likatha imamwa malita pafupifupi 6.2 pa makilomita 100. Outlander imene inatuluka mu 2021, ya batire la 20 kWh, imafika makilomita 61, koma batire likatha imamwa pafupifupi malita 9. Tucson ili ndi batire laling'ono la 13.8 kWh, imayenda makilomita 53, kenako malita pafupifupi 6.7. Kia Sportage ndi mphwake wa Tucson: injini ya 1.6 turbo ndi imodzimodzi, batirenso n'chimodzimodzi, choncho ngati Tucson yakusangalatsani, funsani mtengo wa zonse ziwiri.

Tsopano ikani moyo wanu pa nambalazi. Makilomita 50 a kuntchito, RAV4 idzawamaliza n'kutsala ndi magetsi okatengera ana kusukulu. Outlander nayo idzakwanitsa. Tucson idzafika pakhomo batire litatsala pang'ono kutha, ndipo tsiku lozizira kapena lothamanga pamsewu waukulu injini idzalira musanafike. Dziwaninso kuti Tucson ndi Sportage zimadzutsa injini kuti zitenthetse m'kati kukazizira, ngakhale batire likhale lodzaza. Si vuto lalikulu, koma m'nyengo yozizira petulo adzapita ndithu.

Ulendo wa kwa makolo ndi umene ukusiyanitsa RAV4 ndi Outlander. Ngati mwanyamuka batire lili lodzaza ndipo simunatchajenso, RAV4 idzamwa malita pafupifupi 20 pa makilomita 400 aja, pamene Outlander idzamwa pafupifupi 30. Malita 10 pa ulendo umodzi, maulendo awiri pamwezi, pakutha pa chaka ndi malita 240. Muchulukitse ndi zaka zimene mukufuna kukhala nayo galimotoyo, muone ngati kutchipa kwa tsiku logula kudakalipo.

Sikuti Outlander ndikuinyoza. Mitsubishi inayamba kugulitsa galimotoyi mu 2013, anzake ambiri asanayambe n'komwe, ndipo pa magetsi imayenda mosalala kwambiri. Pa zitatuzi ndi yokhayo imene m'misika ina imabwera ndi mipando isanu ndi iwiri. Komabe musagule mipandoyo musanakhalepo. Ine nditalowa kumbuyoko mawondo anagunda mpando wakutsogolo, mutu n'kukhudza denga. Ndi malo a mwana wamng'ono pa ulendo waufupi, ndipo mipandoyo ikadzuka buti imatsala yokwana zikwama ziwiri zokha. Ngati agogo amakwera nawo kawirikawiri, mipandoyo ndi yamtengo wapatali. Ngati muli asanu basi, mukulipirira chinthu chimene chizingokhala chopinda. Outlander imathanso kutchajidwa mwachangu kudzera pa pulagi ya CHAdeMO, koma malo otchajira a mtundu umenewu akucheperachepera m'mayiko ambiri, ndipo galimoto yokhala ndi thanki ya petulo sifunikira kwenikweni kuima panjira kudikira magetsi.

Za kutchaja kunyumba ndilankhule motsindika, chifukwa zinandionekera. Ndinkatchajira galimoto yanga pa waya wowonjezera wa m'nyumba, wopyapyala uja. M'mawa wina ndinamva fungo la pulasitiki yopserera, nditagwira pulagi inali yotentha moti ndinaiponya pansi, ndipo pakamwa pa soketi panali patada bii. Galimoto imakoka magetsi ambiri kwa maola asanu ndi limodzi kapena kuposa osapuma, zomwe ketulo kapena simbi sizichita. Itanani katswiri wa zamagetsi akuikireni soketi yakeyake ndi waya wokhuthala, ndipo ndalama imeneyo muiwerengere pa mtengo wa galimoto. Pa soketi wamba ya mavoti 230, Tucson imadzaza pa maola pafupifupi 6, RAV4 pa maola 7 kapena 8. Usiku umodzi ndi wokwanira.

Masamu otsala muwachite nokha, poti mitengo ya petulo ndi magetsi imasiyana malo ndi malo. Makilomita 50 anu amafuna malita pafupifupi atatu mu hybrid wamba, kapena mayunitsi 10 mpaka 12 a magetsi mu yotchaja. Chotsani mtengo wa mayunitsiwo pa mtengo wa malita atatuwo, mupeza zimene mukupulumutsa patsiku. Kenako funsani kuti RAV4 yotchaja ikuposa RAV4 hybrid wamba ndi ndalama zingati, mugawe ndalamazo ndi zimene mukupulumutsa pa chaka chonse. Yankho likapitirira zaka zimene mukuganiza kukhala ndi galimotoyo, ndiye kuti phindu lidzadyedwa ndi amene adzagule kwa inu.

Mukapita kokaona, tukulani chivundikiro cha pansi pa buti. Galimoto zambiri zotchaja zilibe tayala la sipeya chifukwa malo ake anatengedwa ndi batire, mumangopeza kabotolo ka guluu ndi kapampu. Funsaninso waranti ya batire payokha, osati ya galimoto yonse. Makampani ambiri amapereka zaka 8 kapena makilomita 160,000. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka Outlander yakale ya batire la 12 kapena 13.8 kWh, musalipire makaniko asanalumikize kompyuta n'kukuonetsani mphamvu imene yatsala m'batire. Ndipo fufuzani ngati pafupi nanu pali makaniko wodziwa galimoto za magetsi amphamvu chonchi, chifukwa si aliyense angazigwire.

Ndikanakhala inu, mayi, ndikanatenga RAV4. Makilomita anu a tsiku ndi tsiku ikuwakwanitsa popanda kupanikizika, pa ulendo wa kwa makolo ndi imene imamwa pang'ono, ndipo galimoto za Toyota sizigwa mtengo msanga pogulitsanso. Vuto lake n'lakuti nthawi zambiri ndiyo yodula pa zitatuzi. Tucson kapena Sportage ikapezeka yotsika mtengo kwambiri, ndipo kuntchito kwanu kuli soketi yoti muziwonjezera magetsi masana, itengeni mosakayika. Tsiku lokayesa galimoto mupite ndi ana onse atatu, akhale kumbuyo malamba atamanga, ndipo mupemphe wogulitsa kuti akupatseni galimoto ya batire lotheratu kuti mumve mmene injini imalirira pokwera chitunda.