Malo aulere a ku Saskatchewan: ulere wake unali pati?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa owerenga wina amene mlamu wake amagwira ntchito ku Regina, likulu la chigawo cha Saskatchewan m'dziko la Canada. Akuti mlamuyo anawauza kuti azungu oyamba kulima kumeneko analandira malo ulere, ndiye akufunsa: "Kodi n'zoona? Nanga ankakolola bwanji, poti akuti mvula yakumeneko ndi yoperewera?"

Achimwene, alamu anuwo sananame, koma anakusiyirani nkhani panjira. Lamulo la Dominion Lands Act la mu 1872 linkalola munthu kutenga maekala 160 atalipira madola 10 okha, bola amangepo nyumba, agaule gawo la malowo n'kukhalapo zaka zitatu. Malowo sanali opanda eni. Kunali mitundu ya eni nthaka, a Cree, a Saulteaux ndi a Assiniboine, amene boma linawasunthira m'madera osankhidwa pambuyo pa mapangano ngati Treaty 4 ya mu 1874, nthawi imene njati zomwe ankadalira zinali kutha.

Wofika kumene ankapeza chidikha cha udzu wokhawokha mpaka kumene maso alekeza. Nyumba ankamanga ndi zibuma za dothi lolukana ndi mizu ya udzu, zodula ndi pulawo n'kuzisanja ngati njerwa. M'chisanu munkafunda bwino, koma mvula ikagwa denga linkadontha ngakhale kunja kutayera kale. Nkhuni zake zinali ndowe zouma. Ndalama yoyamba ena ankaipeza potola mafupa a njati n'kukagulitsa kusiteshoni ya sitima.

Tsopano za mvula, pomwe pagona nkhani. Wofufuza malo John Palliser, amene anayendera derali kuyambira mu 1857, anachenjeza kuti kum'mwera kwake n'kouma kwambiri, sikoyenera ulimi. Boma ndi kampani ya njanji ya Canadian Pacific anaitanabe anthu. Chimene chinawapulumutsa anachipeza mwangozi ku Indian Head, tauni ya kum'mawa kwa Regina. Mu 1885 amuna ndi akavalo ambiri anapita kukanyamula katundu wa asilikali pa nkhondo yolimbana ndi Louis Riel, mtsogoleri wa anthu amene anaukira boma, minda ina n'kukhala yosadzala. Chaka chotsatira kunagwa chilala, ndipo tirigu anachita bwino m'minda yomwe inagona ija. Mlimi wina wa kumeneko, Angus MacKay, anaona zimenezi, ndipo atakhala mkulu wa famu yoyeserera ya boma kumeneko anaphunzitsa alimi kugoneka munda mwadala.

Musafanizire ndi tsala lomwe timangolisiya kuti limere thengo. Uwu unali munda wolimidwa, wopaliridwa mobwerezabwereza chilimwe chonse kuti pasamere kaudzu kalikonse koyamwa chinyezi. Mvula ya zaka ziwiri inkadyetsa mbewu ya chaka chimodzi. Ndiye werengani nokha: pa maekala 160 aja, gawo lalikulu chaka chilichonse linkangodya thukuta la mwini wake osabweza kanthu. Kwa ine ulere uja unathera pamenepa, ndipo ambiri anathawa zaka zitatu zisanakwane.

Kupalira kosalekezako kunasandutsa dothi kukhala ngati ufa. Chilala cha m'ma 1930 chitafika, mphepo inangolinyamula, fumbi n'kukwirira mipanda ndi kulowa m'nyumba mpaka m'mbale. Mu 1935 boma linakhazikitsa bungwe la Prairie Farm Rehabilitation Administration, lomwe linathandiza alimi kukumba madamu, kudzala mizere ya mitengo yotchinga mphepo, kusiya mapesi a tirigu pamwamba pa nthaka, ndi kubwezera minda youmitsitsa kukhala msipu wa ng'ombe.