Ine ndikadandaula, bambo amangoti zii: kodi EFT ingatithandize?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti ali pabanja zaka 11, ankhoswe akhalirapo pansi kawiri, koma mkangano ndi womwewo: iwo akayamba kudandaula, bambo amangoti zii n'kutenga foni. Mlangizi wina wawatchulira EFT (Emotionally Focused Therapy), njira ya uphungu wa anthu apabanja yomwe imayang'ana kwambiri zomwe aliyense akumva mumtima. Akufunsa ngati n'zothandiza, komanso ngati mwana wawo wa zaka 15, yemwe masiku ano amangodzitsekera kuchipinda, angapite nawo.

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu.

EFT inayambira ku Canada m'zaka za m'ma 1980. Anaiyambitsa ndi akatswiri a za maganizo Sue Johnson ndi Les Greenberg, ndipo kafukufuku wawo woyamba wa anthu apabanja anatuluka mu 1985. Johnson anatsamira kwambiri maganizo a John Bowlby, katswiri wa ku Britain, akuti munthu, ngakhale atamera imvi, amafunabe wina woti akamuitana amuyankhe, monga khanda lifunira mayi wake.

Mlangizi wa EFT sayamba ndi kufunsa kuti wolakwa ndani. Apa ndi pamene amasiyana ndi ankhoswe ambiri, ngakhale ine ankhoswe ndimawalemekeza, amanga mabanja osawerengeka. Iye amayang'ana zomwe zimabwerezabwereza pakati panu. Bambo alowa usiku, nsima yazizira kale m'mbale. Inu: "Munali kuti mpaka pano?" Iwo chete. Mukweza mawu, iwo atuluka panja. Akamathawa m'pamene inu mumathamangitsa, mukamathamangitsa m'pamene iwo amathawiratu.

Mlangizi amakuimitsani pomwepo. Amafunsa modekha kuti, pamene bambo anatenga foni, mkwiyo usanabwere, munamva chiyani mumtima? Nthawi zambiri pansi pa mkwiyo pamapezeka mantha: kodi ndikadali wofunika kwa munthuyu? Pansi pa chete wa bambo pamapezeka manyazi: chilichonse ndinganene chilakwika, ndalephera kale. Kenako amakupemphani mutembenuke, muwayang'ane bambo m'maso, muwauze nokha mantha amenewo. Sichapafupi, makamaka kwa abambo omwe anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. N'chifukwa chake zimatenga nthawi, kawirikawiri maulendo 8 mpaka 20.

Za mwana tsopano. Inde, njirayi imagwiranso ntchito pa banja lonse, koma kachitidwe kake n'kosiyana. Inu ndi bambo ndinu ofanana, aliyense amatonthoza mnzake. Mwana sayenera kusenzetsedwa udindo wotonthoza kholo. Ntchito ya mlangizi ndi kupeza chomwe chikutchinga makolo kumva kulira kwa mwana, kaya ndi mantha, kaya ndi kudziimba mlandu, kuti mwanayo akatsegula pakamwa asakumane ndi chidzudzulo. Maganizo anga ndi akuti muyambe awirinu. Mnyamata amene amamva makolo akukangana kuseri kwa khoma usiku uliwonse sangamasuke atakhala pakati pawo tsiku loyamba.

Chinthu chimodzi simunachitchule, ndipo ndiyenera kuchinena. EFT ya awiri sichitika pamene m'nyumba muli kumenyana kapena kuopsezana, chifukwa imafuna kuti munthu aonetse pomwe ali wofooka, ndipo wankhanza angagwiritse ntchito pomwepo. Chibwenzi chamseri chomwe chikupitirira, kapena kumwa mwauchidakwa, nazonso zimafuna kuthana nazo kaye. Ngati bambo anakwezapo dzanja pa inu, pemphani kuonana ndi mlangiziyo muli nokha, mumuuze zimenezo musanalowe awiri.