Lantana wadutsa malire, aneba akuopseza za khoti: yankho kwa achemwali

Achemwali, pepani ndi imfa ya bambo. Funso lanu limene mwaika m'gulu lathu lino, pamodzi ndi zithunzi zake, ndaliwerenga kawiri. Mwati anakusiyirani malo a mahekitala 6, inu mumakhala kutali chifukwa cha ntchito, ndipo mbali yonse ya kumunsi yadzaza lantana, chitsamba chaminga cholanda malo, moti wayamba kudutsa mpanda kulowa mu msipu wa aneba. Thole lawo ladwala, iwo akuti ladya lantana wanu, ndipo akuopseza kuti akakusumirani. Ndiye mukufunsa ngati lamulo lingakugwireni pa chomera chimene simunabzale ndinu, komanso ngati kuyatsa moto sikungathetse zonsezi tsiku limodzi.

Ndiyambe ndi motowo, chifukwa ndi umene ungakugwetsereni m'mavuto sabata yomwe ino. Chonde musayatse. Ine ndinayesapo pa malo anga chaka choyamba, phuma litandigwira ngati mmene lakugwirirani inumu. Tchire linapsa lonse psiti, usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo. Mvula itagwa kawiri ndinapita kukaona. Chitsa chilichonse chakuda bii chinali chitatulutsa mphukira zambirimbiri, zonenepa kuposa zakale, ndipo paphulusa ponse panali waa timbande ta njere zimene zinabisala m'dothi. Moto unapha udzu wabwino umene unkalimbana naye, iye n'kutsala yekha. Chinanso, lantana wouma amayaka mwaukali ndipo amakweza malawi mpaka m'mitengo. Motowo ukalumpha malire n'kukapsereza msipu kapena khola la aneba omwe akukwiya kalewa, umboni wake sudzasowa ngati wa thole uja, ndipo mudzalipira ndithu.

Tsopano za lamulo. Simunatchule dziko limene malowo ali, ndipo m'gulu muno tili anthu okhala mbali zosiyanasiyana, koma malamulo ambiri a zomera zolanda malo amayenda njira imodzi. Safunsa kuti anabzala ndani. Amafunsa kuti malo ali m'manja mwa yani, munthuyo anadziwa liti, ndipo atadziwa anachitapo chiyani.

Ku South Africa, pansi pa lamulo loteteza zachilengedwe la 2004 lotchedwa NEMBA ndi ndondomeko zake, zomerazi anaziika m'magulu, ndipo lantana ali m'gulu 1b. Kutanthauza kuti mwini malo ayenera kuthana naye, saloledwa kumubzala kapena kumugulitsa. Wogulitsa malo amayeneranso kudziwitsa wogula mwa kalata kuti pamalopo pali zomera zotere. Ku Queensland, ku Australia, Biosecurity Act ya 2014 imapatsa munthu aliyense udindo wochita zonse zimene angathe mwanzeru kuti choopsa chimene akuchidziwa chisafalikire. Ku Britain kuli Weeds Act ya 1959 yotchula zomera zisanu, chimodzi mwa izo ndi ragwort amene amapha akavalo ndi ng'ombe. Kumeneko kukhala nazo pamalo pako si mlandu, koma boma likhoza kukulembera kalata yokulamula kuti uletse kufalikira kwake, ndipo kunyozera kalatayo ndiye mlandu. Onani kuti kalatayo imapita kwa amene akukhala kapena kugwiritsa ntchito malowo, osati kwa amene anabweretsa chomeracho.

Imeneyo ndi mbali ya boma. Koma inu wakukalipiraniyo si boma, ndi mneba, ndipo mlandu wa mneba umayima pawokha ngakhale chomeracho chitapanda kulembedwa pa mndandanda uliwonse. Mu 2018 khoti la apilo la England ndi Wales linagamula kuti kampani ya njanji ya Network Rail ili ndi mlandu kwa eni nyumba awiri a ku Wales, chifukwa chomera cholanda malo chotchedwa Japanese knotweed cha m'mbali mwa njanji chinalowa pansi pa malo awo, kampaniyo ikudziwa koma osachitapo zokwanira. Makoma anali asanang'ambike n'komwe. Kungoti mizu yalowa ndipo eni ake sangagwiritsenso ntchito malo awo momasuka kunali kokwanira.

Ndiye mawu oti "sindinabzale ndine" ndi oona, ndipo ndikumvetsa kuwawa kwake, koma sangakutetezeni nthawi yaitali. Tsiku limene aneba anakudandaulirani ndi tsiku limene munadziwa. Zimene muchite kuyambira pamenepo ndi zimene woweruza aliyense adzayang'ane. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mugule kope limodzi la ntchito imeneyi yokha. Lembani tsiku limene anakuuzani, tsiku limene munapita, amene munawalemba ganyu, mankhwala amene munagula, ndipo jambulani malo omwewo mutaima pamalo amodzimodzi mwezi uliwonse. Sungani malisiti. Munthu wofika ndi kope lotere amaoneka kuti akuyesetsa, pamene wofika chimanjamanja amaoneka wonyozera ngakhale atakhetsa thukuta lochuluka bwanji.

Za tholelo, aneba sakunena zosatheka. Lantana ali ndi poizoni amene amawononga chiwindi cha ng'ombe ndi nkhosa. Chiweto chimasiya kudya, chimadzimbidwa, m'maso ndi m'kamwa mumachita chikasu, ndipo khungu la pamphuno ndi la pamawanga oyera limatupa n'kuyamba kusupuka chikakhala padzuwa, moti chimangothawira pamthunzi. Koma matenda ena a chiwindi amaonekanso chimodzimodzi, choncho pafunika dokotala wa ziweto aone ndi kulemba. Pafunikanso kudziwa kuti tholelo linadyera kuti. Ngati linathyola mpanda n'kulowa kwanu, nkhani ndi ina. Ngati linadya nthambi zimene zalowa kwawo, nkhani ndi inanso. Ku Kenya mu 2006 anthu a ku Baringo, posumira boma pa mtengo wa prosopis umene unabweretsedwa kudera lawo kudzateteza nthaka, anafika kukhoti ndi mbuzi yeniyeni yoguluka mano chifukwa chodya nyemba zotsekemera za mtengowo. Anadziwa kuti kukhoti kumafunika chooneka ndi maso. Musasaine pepala lililonse lovomera mlandu dokotala asanalankhule, ndipo kalata ya loya ikabwera, pezani loya wanu wodziwa malamulo a malo a dziko lanulo.

Koma musadikire kalata. Pitani mukawaone anthuwo, mukaone tholelo ndi maso anu, mukawauze zimene mukufuna kuchita ndi tsiku loyamba. Ngati mungathe, thandizani kuitana dokotalayo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako, ndipo inu amene mumakhala kutali mudzafuna maso a aneba amenewa kuposa mmene iwo adzafunire anu. Komanso lantana sadziwa mpanda. Mbalame zimadya tizipatso take takuda tija n'kukanyera njere kulikonse, ndipo chitsamba chimodzi chachikulu chikhoza kubala zipatso zofika 12,000 pachaka. Mukayeretsa kwanu kokha iwo osayeretsa kwawo, chaka chamawa njere zidzabwerera kuchokera kwawoko.

Ntchito yeniyeni anthu ambiri amailakwitsa poyambira. Mtima umafuna kulowa pakati pa chiyangoyango pamene lantana wathithikana kwambiri, chifukwa ndi pamene pakunyansa. Yambirani kunja. Choyamba lambulani mzere wotakata m'mbali mwa malire a aneba, mbali zonse ziwiri za mpanda ngati akulolani. Kenako sakani tizitsamba tapatalipatali timene tamera tokha pansi pa mitengo, pa mizati ya mpanda ndi m'mbali mwa ngalande, pamene mbalame zimatera. Timeneti ndi totchipa kupha lero, ndipo ndi timene tidzakhale nkhalango mukatisiya zaka zitatu. Pakati paja muzilambula pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete, chigawo chimene mungathe kubwererako.

Ting'onoting'ono zulani ndi manja nthaka ikadali yonyowa, mutavala magolovesi chifukwa ali ndi timinga ndipo masamba ake amayabwa. Zapakatikati kumbani ndi khasu kapena piki mpaka mutulutse phata lonse, pamene tsinde likumana ndi mizu, poti mphukira zimachokera pamenepo. Zikuluzikulu dulani pafupi ndi dothi n'kupaka mankhwala pachitsa nthawi yomweyo. Apa ndimakakamira kwambiri: pakhale anthu awiri, wina ndi chikwanje kapena sowo, wina pambuyo pake ndi kabotolo ndi kabulashi. Chitsa chimatseka msanga, pakangopita timphindi sichimwanso mankhwala. Ine ndinataya ndalama chaka china pamene aganyu anadula m'mawa wonse n'kudzapaka masana atapuma. Zitsa zonse zinaphukira.

Mankhwala odziwika pa ntchitoyi ndi glyphosate, triclopyr ndi picloram. Glyphosate sasankha, amapha chobiriwira chilichonse chimene wachikhudza. Picloram amakhalitsa m'dothi ndipo amatha kuyenda ndi madzi, choncho si wothira pafupi ndi mtsinje, chitsime kapena mizu ya mitengo imene mukuifuna. Zolembedwa pabotolo si malangizo wamba, m'mayiko ambiri kuzinyozera ndi kuphwanya lamulo. Ndipo ngati mupopera ndi sipuleya, musapopere kukuwomba mphepo. Mankhwala ngati 2,4-D akauluka pang'ono pokha amapinda masamba a thonje ndi tomato wa mneba, ndipo mudzakhala mwadzipezera mlandu wachiwiri pothawa woyamba. N'chifukwa chake m'malire ine ndimakonda kupaka pachitsa kusiyana ndi kupopera.

Zodulazo musaponye kuseri kwa mpanda, mumsewu kapena mumtsinje. Nthambi yogona padothi lonyowa imamera mizu, ndipo masamba ofota akadali ndi poizoni, choncho unjikani pamalo ouma pamene ziweto sizifika. Pamene mwalambula musasiye dothi lili mbee. Bzalani udzu wa msipu kapena mbewu yophimba nthaka nyengo yomweyo, ndipo musalowetsepo ziweto udzuwo usanagwire. Kenako bwererani miyezi iwiri kapena itatu iliyonse kukazula timbande, kwa zaka zosachepera zitatu. Kubwereraku ndi kumene kumapha lantana, osati tsiku loyamba lija.

Wina poyankha funso lanu watchula njira yogwiritsa ntchito tizilombo todya zomerazi. Njirayi ilipo ndithu. Ku Australia kuyambira m'zaka za m'ma 1920 mbozi za Cactoblastis zochokera ku Argentina zinagwetsa prickly pear, chomera chaminga cholanda malo, amene anali ataphimba mahekitala pafupifupi 24 miliyoni. Koma lantana wawavuta akatswiri. Anayamba kumutumizira tizilombo ku Hawaii mu 1902, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mitundu yambiri yamasulidwa m'mayiko osiyanasiyana osamumaliza, mwa zina chifukwa alipo wa mitundu yambirimbiri yosakanizika kuchokera m'minda ya maluwa. Imeneyo ndi ntchito ya boma ndi ofufuza, munthu payekha saloledwa kuitanitsa tizilombo kunja.

Popeza mumakhala kutali, konzaninso za mapepala. Ngati malowo akadali m'dzina la bambo, khalani pansi ndi abale anu mugwirizane amene akuyankha pa malowo ndi mmene mugawanire ndalama za ntchitoyi. Ngati mubwereketsa kwa wina kuti alime kapena adyetsepo ziweto, lembani m'pangano kuti kuthana ndi lantana ndi udindo wa yani, chigawo chiti, pofika liti. Kenako pitani ku ofesi ya zaulimi kapena ya zachilengedwe ya dera limene malowo ali, mukafunse mndandanda wa zomera zoletsedwa ndi kupempha mlangizi abwere adzaone. Kudziwonetsa nokha kumakuikani pabwino kusiyana ndi kudikira kuti aneba akakunenezeni.

Pali china chimene chandidetsa nkhawa kuposa lantanayo. Pa chithunzi chanu chachiwiri, pafupi ndi geti pamene magalimoto amakhotera, ndikuona kachomera kofika m'mawondo, ka masamba ong'ambikang'ambika ndi timaluwa toyera ting'onoting'ono. Kakufanana kwambiri ndi parthenium, chomera china cholanda malo. Ameneyo amachita maluwa patangopita mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono chimerereni, chomera chimodzi chikhoza kubala njere zofika 25,000, ndipo njerezo zimayenda m'matope a matayala, m'makina olimira ndi mu udzu wouma wa ziweto. Amayambitsa zidzolo ndi mphumu kwa anthu, ndipo ng'ombe zikamudya mkaka umawawa. Musamutchetche ali ndi maluwa, mungomwaza njere. Mukapita, valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi chotseka pakamwa, zulani n'kuika m'thumba lomanga bwino, ndipo chimodzi mukachionetse kwa mlangizi kuti atsimikize. Mujambulenso tsamba ndi duwa chapafupi muike muno, ndidzaona madzulo ndikaweruka.