Chilankhulo chimodzi cha feature model: pamene pavutira

Mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani mpaka pano palibe chilankhulo chimodzi cholembera kusiyana kwa mapulogalamu ochokera pa tsinde limodzi. Anthu anayesapo ndithu, achimwene. Feature model, yomwe ndi ndondomeko yosonyeza zinthu zimene pulogalamu ingakhale nazo ndi masankho ololedwa pakati pa zinthuzo, inayamba ndi lipoti lotchedwa FODA la ku Software Engineering Institute mu 1990, koma pambuyo pake chida chilichonse chinadzipangira kalembedwe kakekake. Bungwe la OMG, loika miyezo ya mapulogalamu, linayesa kukhazikitsa chilankhulo chotere chotchedwa CVL (Common Variability Language), ntchito inapita patali, koma siinavomerezedwe.

Kwa ine povuta penipeni ndi tanthauzo. Taonani Kconfig, chilankhulo chosankhira zinthu zolowa mu Linux: chinthu chimatha kukhala y (inde), n (ayi) kapena m, ndipo m akutanthauza kuti chimangidwe padera ngati module, kachigawo kolowetsedwa pakafunika. Mukachisamutsira m'chilankhulo chodziwa inde ndi ayi basi, m uja amasowa pokhala, masankho ololedwa n'kusokonekera osaonekera msanga.

Pachifukwa chimenechi ndimaikonda UVL (Universal Variability Language), chilankhulo china cholembera feature model. Imalembedwa m'mawu owerengeka ndi maso, ndiponso anaigawa m'magawo: phata lake ndi malamulo a inde ndi ayi, za manambala zimabwera pamwamba kwa ozifuna. FeatureIDE, pulogalamu yopangira feature model, imaiwerenga kale. Yambirani pamenepo, koma mukasamutsa model yanu, onetsetsani kuti chiwerengero cha masankho ololedwa chikufanana uku ndi uku.