Kodi ndiyese pulogalamu ya mbiri ya makolo isanamalizidwe?

Achimwene ena a ku Luchenza andilembera imelo. Akuti pulogalamu imene amasungiramo mayina a makolo awo yatulutsa beta, mtundu watsopano wongoyesera umene aliyense angathe kuika pa kompyuta, ndiye akufunsa ngati n'kwanzeru kuthera bandulo pa chinthu chosamalizidwa.

Achimwene, funso lanuli landikumbutsa agogo anga aakazi. Iwo ankati amayi awo anaoloka Muloza ali kamtsikana, nthawi imene Alhomwe ankachoka ku Mozambique n'kudzakhala m'maesiteti a tiyi, ya thangata ija. Ulendo umenewo palibe anaulemba papepala. Ndinkakhala nawo pakhonde, iwo akusenda chinangwa cha makaka, ine foni ili m'manja. Ndikafunsa kuti mng'ono wawo anabadwa liti, amvekere, "Njala inamupeza akuyamwa." Njala yake ndi ya 1949. Dzina lililonse linkabwera ndi nkhani yake, uyu anatengedwa ndi madzi mu Ruo, uyu anapita ku Joni osabwerako, ndipo chinangwa chinkatha m'lichero tisanamalize ngakhale nyumba imodzi.

Pulogalamu imene ndinali nayo masiku amenewo inkakana kusunga munthu wopanda tsiku, mwezi ndi chaka chobadwira. Mwana aliyense inkamupatsa yokha dzina la bambo ake, osafunsa. Chonsecho kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ndi mkamwini, munda umatsata mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Ana a bere limodzi ankaoneka ngati alendo chifukwa abambo awo ndi osiyana. Dzina lokhala ndi ng', monga Mang'anja, ndikalisaka silinkapezeka. Zinkandiwawa kwambiri kuona agogo akulongosola bwinobwino, koma makina akuwakana.

Olemba mapulogalamuwa sikuti ndi anthu oipa ayi. Sanafikeko kuno basi. GEDCOM, njira imene mapulogalamu ambiri amapatsirana mayina, inayambitsidwa mu 1984 ndi mpingo wa Latter-day Saints ku Utah, m'dziko la America, ndipo mtundu wake wa 7.0 unatuluka mu 2021. Banja m'menemo ndi mwamuna, mkazi ndi ana awo. Mbumba mulibe. Munthu wa ku Salt Lake City, ku Utah komweko, adziwa bwanji za mbumba ngati wa ku Mulanje sanamuuze? Nthawi yomuuza ndi ya beta, pamene iwo eni akupempha kuti muwaonetse polakwika. M'mera mpoyamba. Ikatuluka yomalizidwa, dandaulo lanu likaima pa mzere wautali. Ndipo ndinene mosabisa, timalakwira ana athu tikamadikira kuti azungu okhaokha ayese, ife n'kudzangolandira zimene zawakomera iwo.

Musaiwale zimene Freddy anatichita mu Malichi 2023. Ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo matope anakwirira nyumba pamodzi ndi makadi a ubatizo, zithunzi ndi makope a m'masutikesi. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunayamba kukakamizidwa mu 2015, ziphaso za unzika zinabwera mu 2017. Za m'mbuyo monsemo zili m'mitu ya agogo, amene akutha mmodzimmodzi. Pitani pa Chonde mu Okutobala, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, mukamve achinyamata akufunsana kuti iwe ndiwe Mmihavani, Mtakhwani kapena Mkokhola. Ambiri amangoseka, sakudziwa. Ndiye pulogalamu imene ilibe polemba zimenezi ndi yothandiza ndani?

Zabwino zilipo ndithu. Pulogalamu ya mbiri ya makolo yotchedwa Gramps ndi yaulere, inayamba mu 2001, ndipo amailemba ndi anthu ongodzipereka. Imalola kulemba kuti munthu anabadwa "cha m'ma 1948", komanso kusonyeza kuti dzina la mtundu ndi lochokera kuchikazi. Zotere zimalowa m'pulogalamu chifukwa chakuti wina anayankhula.

Ndiye muchite chiyani?

Iyeseni, achimwene. Koma musanaiike, tulutsani fayilo ya GEDCOM ya ntchito yanu yonse, muisunge pa fulashi, ina mudzitumizire pa imelo, chifukwa beta imatha kuononga fayilo moti pulogalamu yakale ija osaitsegulanso. Yeserani pa kope la fayiloyo, osati pa fayilo yeniyeniyo, ndipo mayina a amoyo muchotsemo musanatumize chilichonse kunja. Lowetsanimo zovuta zathu zomwezi: mayi wa ana a abambo atatu, mitala, mwana woleredwa ndi azakhali, dzina la kuchinamwali, chilembo cha ŵ. Ikakana, jambulani sikirini, mulembe zimene munadina ndi zimene zinachitika, ngakhale m'Chingerezi chothyokathyoka. Za bandulo, koperani usiku kapena pa wayifayi ya kuntchito.