Kodi pulezidenti angangolamula nkhondo ya nyanja?

FUNSO: Ine ndimameta anthu pafupi ndi msika wa Ndirande. Loweruka lapitali makasitomala awiri anatsala pang'ono kugwirana m'khosi m'shopu mwanga. Wina amati Tanzania ikapitiriza kunena kuti theka la nyanja ndi lake, pulezidenti angolamula asilikali akathane nawo. Mnzakeyo amati dziko silingayambe nkhondo popanda chilolezo. Ine makina ali m'manja ndinangoti duu. Akulondola ndani? Wometa, Ndirande.

YANKHO: Achimwene, wachiwiriyo ndiye wayandikira, ngakhale chilolezo chake si ngati chija mumadula kukhonsolo chaka ndi chaka.

Malawi adalowa m'bungwe la United Nations mu Disembala 1964, ndipo polowapo adavomera pangano lake la 1945. Ndime 2(4) ya panganolo imaletsa dziko kuthira nkhondo dziko linzake, ngakhale kungoopseza kumene. Makomo otseguka ndi awiri. Loyamba ndi ndime 51: akakuputa ndi zida uli ndi ufulu wodziteteza, bola udziwitse Security Council, nthambi ya United Nations yoona za mtendere ndi chitetezo, nthawi yomweyo. Koma nduna ikayankhula mokalipa ku Dodoma, likulu la Tanzania, kapena boma likasindikiza mapu odula nyanja pakati, sikuti atiputa ndi zida. Khomo lachiwiri ndi pamene Security Council yokhayo yaloleza. Umu ndi mmene asilikali athu adapitira kum'mawa kwa DRC mu 2013 kukalimbana ndi zigawenga za M23, limodzi ndi a South Africa komanso, dabwani, a Tanzania omwewo.

Za nyanjayo, ife timadalira pangano la Heligoland la 1890, lomwe Britain ndi Germany adaika malire m'gombe la kum'mawa. Nkhaniyi itatentha mu 2012, maiko awiriwa adaitula kwa atsogoleri opuma motsogozedwa ndi Joaquim Chissano, pulezidenti wakale wa Mozambique. Yachedwa, inde, mpaka ena tidaiwalako, koma njira yomwe lamulo limalola ndi yomweyo: kukambirana, mkhalapakati, kapena khoti.

Sindikunamizani kuti aliyense amamvera. America ndi Britain adalowa mu Iraq mu 2003 popanda chilolezo chomveka cha Security Council, Russia nayo idalowa mu Ukraine mu 2022. Atatu onsewa ali m'gulu la maiko asanu okhala ndi mphamvu yotsekereza chiganizo chilichonse kumeneko, ndiye chilango chimavuta. Malawi alibe mpando wotero.

Kwathu kuno, malamulo oyendetsera dziko a 1994 amati pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali, choncho kasitomala woyamba uja sadaname kotheratu. Komabe gawo 45 limamumanga manja: ngakhale nkhondo itabuka, sangalengeze kuti dziko lili pa ngozi popanda chivomerezo cha komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Chilengezocho chimatha pakapita masiku 21, pokhapokha aphungu awiri mwa atatu aliwonse atavomera kuchiwonjezera.