Za nyimbo za 8A ndi 9A zomwe zikukana kugwirizana DJ akamasakaniza

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji nyimbo yanu ya techno ya 8A pa 128 BPM (liwiro la nyimbo, kugunda kwake pa miniti imodzi) ikumveka ngati ikukangana ndi ya 9A ya 136 BPM pomwe Rekordbox, pulogalamu ya ma DJ, ikuti ma key ake ndi oyandikana. Vuto lili pa pitch (kukwera kapena kutsika kwa mawu a nyimbo), osati pa pulogalamuyo ayi. Pa Camelot, njira yolembera ma key a nyimbo ndi nambala ndi chilembo, 8A ndi A minor, anzake ndi 7A, 9A komanso 8B, apa simunalakwitse. Koma mukakoka pitch fader, chosinthira liwiro la nyimbo, kuti 128 ifike 136 mwaikweza pafupifupi 6%, ndiye semitone yathunthu imeneyo (sitepe imodzi pa ma key), nyimbo ija yachoka pa A minor yapita pa B flat minor yomwe ndi 3A, nanga 3A ndi 9A zingamvane bwanji?

Yatsani Master Tempo pa CDJ (makina oikira nyimbo a DJ), pa mapulogalamu a Traktor ndi Serato amati key lock, kuti key isasunthe mukasintha liwiro. Kungoti mukakoka kwambiri kick (ng'oma yaikulu) imayamba kumveka yofooka, ineyo ndimakonda kukumaniza pakati, iyi ndikweze pang'ono inayo nditsitse zikumane pa 132.

Chinanso, musamakhulupirire kwambiri zomwe mapulogalamu amalemba pa techno. Nyimbo zambiri ndi kick, ma hat ndi rumble basi, melody mulibe, pulogalamu imangolota. Zotere sakanizani ndi khutu, key muziisamala pokhapokha pali pad kapena synth yotalika mbali zonse ziwiri. Ndipo dulani bass ya imodzi pa EQ (mabatani a pa mixer ochepetsera kapena kukwezera bass ndi mawu ena), ma bass awiri pamodzi ndi phala lenileni ngakhale key ikhale imodzi.